Kwa Ana Anga Ofuna Kumveka pa Wayilesi

Ana anga, ndamva kuti ambiri mwa inu mukulakalaka ntchito youlutsa mawu. Ena mwalembetsa kale maphunziro ku Malawi Institute of Journalism, ena muli ku MUBAS, komwe ife akale timakutchabe ku Poly, ndipo ena mumayeserera kuwerenga nkhani pafoni usiku anzanu atagona. Sindikukuletsani. Ndi ntchito yaulemu, ndipo dziko ngati lathuli, momwe anthu ambiri akumudzi amamvera pa wayilesi za mtengo wa fetereza, za mliri wa kolera ndi za chisankho, likusowa aulutsi odziwa chimene akuchita. Koma inu mwaona mbali imodzi yokha. Mwaona munthu akupatsidwa moni pamsika ndi anthu osawadziwa, akuitanidwa kukayendetsa mwambo wa ukwati ku hotela, akugwirana chanza ndi nduna. Khalani pansi ndikuuzeni za mbali inayo, chifukwa amene adaidutsa ambiri sakonda kuikamba.

Choyamba dziwani kuti maikolofoni amene mudzayankhulirepo si anu. Ndi khasu lobwereka: mulimira lero, mawa mwini wake atuma mwana kudzalitenga inu muli pakati pa mzere. Mwiniyo nthawi zina ndi boma, nthawi zina ndi munthu wamalonda amene adagula makina, nthawi zina ndi mpingo, ndipo pamwamba pa onsewa pali MACRA, yomwe imapereka ziphaso komanso imalanda. Chanu inu ndi mawu anu, luso lanu, ndi chikhulupiriro chimene omvera adzakhale nacho pa inu. Zimenezi zokha ndi zimene mudzatuluke nazo pageti tsiku limene adzakuuzeni kuti pulogalamu yanu yatha.

Ife tidakula wayilesi ili imodzi. MBC idayamba mu 1964, chaka chimene dziko lidalandira ufulu wodzilamulira, ndipo ulamuliro wonse wa Kamuzu Banda udatha wayilesi ya kanema kulibe. Muulutsi wa nthawi imeneyo anali munthu wamkulu zedi. Mawu ake ankamveka kuchokera ku Nsanje mpaka ku Chitipa, ndipo mudzi wonse unkasonkhana pa wayilesi imodzi ya mphunzitsi kapena ya mwini golosale kuti umve Nkhani za m'Maboma, mauthenga achisoni, kapena sewero la Kapalepale. Anthu ankatcha ana awo mayina a aulutsi amene sadawaonepo nkhope. Koma ulemu umenewo unali ndi mtengo wake. Nkhani zinkayamba ndi Ngwazi Kamuzu Banda, ndipo munthu ankalowa m'situdiyo mtima uli m'mwamba, podziwa kuti kupunthwa lilime pa dzina kapena pa udindo wa mtsogoleri kukanamuchotsetsa ntchito, mwinanso kuposa pamenepo, pakuti atolankhani ena adakatsekeredwa kundende ya Mikuyu osazengedwa mlandu. Kuyambira 1972 kunalinso Chichewa Board, yomwe inkatchera khutu kuti imve ngati muulutsi akuyankhula Chichewa choyenera.

Taganizirani izi. Mu 1968 boma lidalamula kuti Chichewa ndi Chingerezi ndizo zilankhulo za dziko, ndipo Chitumbuka chidachotsedwa pa wayilesi. Munthu amene luso lake lonse linali kuwerenga nkhani m'Chitumbuka sadalakwe kanthu. Sadaledzere pantchito, sadabe, sadatukwane. Adangodzuka m'mawa n'kupeza kuti chilankhulo cha amayi ake chilibenso malo pa wayilesi, ndipo chidabwerera mu 1994, patapita zaka 26. Ndikukuuzani zimenezi kuti mudziwe msanga kuti pa ntchito iyi munthu amatha kugwa popanda cholakwa chake. Mukadzaona mnzanu wachotsedwa pa pulogalamu, musadzathamangire kunena kuti adaputa dala.

Ndale za zipani zambiri zitabwera, makomo adatseguka. MBC idatsegula Radio 2 mu 1997. Lamulo la zofalitsa mauthenga la 1998 lidakhazikitsa MACRA, ndipo mawayilesi omwe si aboma adayamba kumera: Power 101, Capital Radio ya a Alaudin Osman, Radio Maria ku Mangochi. Mu 1999 Television Malawi (TVM) idayamba kuonetsa zithunzi. Achinyamata a nthawi imeneyo adalowa ndi kayankhulidwe katsopano, kofulumira, kocheza ndi omvera pafoni. Akuluakulu ena amene adazolowera kuwerenga pepala lovomerezedwa ndi bwana adapezeka kuti akumveka achikale pamaso pa ana amene iwo omwe akanatha kuwaphunzitsa. Amene adavomera kuphunzira za ana aja adapitirira. Amene adanyoza adatsalira. Inunso mudzakalamba, ndipo kudzabwera ana ndi zawo zimene inu simudzazimvetsa. Mudzawamvetsere.

Tsopano ndifike pa chimene chagwetsa aulutsi ambiri m'dziko muno kuposa china chilichonse: ndale. Wayilesi ya boma, chiyambire, yakhala ikuyimba nyimbo ya chipani cholamula, kaya ndi chiti. M'nthawi ya Bingu wa Mutharika kunali pulogalamu ya Makiyolobasi, yomwe inkatenga mawu a atsogoleri otsutsa boma n'kumawachita chipongwe. Anthu ankaseka, ndipo amene ankakonza mapulogalamu otere ankaoneka ngati ali pabwino. Koma otsutsa boma anali ochuluka m'Nyumba ya Malamulo, ndipo pokwiya ndi kukondera kumeneko adafika popatsa MBC ndi TVM K1 yokha mu bajeti ya dziko. Amene adamva kuwawa sanali andale. Anali antchito wamba, owerenga nkhani, oyendetsa makina, madalaivala, anthu okhala ndi ana pasukulu.

Kenako kudabwera April 2012. Mtsogoleri wa dziko Bingu wa Mutharika adamwalira pa 5 April, koma Amalawi adayamba kumva za imfayo ku mawayilesi akunja ndi pa intaneti, wayilesi yawo ili chete, mpaka boma lidalengeza pa 7 April. Mayi Joyce Banda, amene wayilesi yomweyo idakhala ikuwanyoza pamene anali wachiwiri kwa mtsogoleri, adalumbiritsidwa tsiku lomwelo, ndipo pasanathe masiku ambiri mkulu wa MBC adachotsedwa. Tangoganizani muulutsi amene dzulo lake ankawatukwana mayiwo ndi mawu ake enieni, lero akuyenera kuwatchula ndi ulemu wonse wa mtsogoleri wa dziko. Bwana amene adamutuma wapita. Nduna imene inkamuimbira foni yomuyamikira yapita. Watsala yekha ndi mawu ake, ndipo mawuwo adajambulidwa, anthu akuwakumbukira. Makolo adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Pa ntchito iyi mlomo umasiyidwa m'nyumba za anthu miyandamiyanda nthawi imodzi.

Mudzandifunsa kuti nanga bwana akakulamula utani, poti ana akufuna nsima. Ndikudziwa, ndipo sindikunamizani kuti n'zophweka. Koma pali kusiyana pakati pa kuwerenga chikalata cha boma monga chikalata cha boma, n'kunena momveka kuti awa ndi mawu a unduna wakutiwakuti, ndi kuthira ndemanga zanuzanu zonyoza munthu kuti bwana akukondeni. Choyambacho ndi ntchito, ndipo omvera amamvetsa. Chachiwiricho mwachita kusankha nokha. Aulutsi amene adutsa maboma onse kuyambira la Kamuzu, la Bakili Muluzi mpaka a masiku ano, anthu akuwalemekezabe, ndi amene adakana kuwonjezera mchere wawo pa mabodza a ena. Ena adakankhidwira ku mapulogalamu a usiku kapena a zaulimi kwa zaka zambiri chifukwa cha kukanako. Adapirira, ndipo mphepo itatembenuka adapezeka kuti ndi okhawo amene angathe kuyang'ana omvera m'maso.

Pali njira ina imene ndale imatengera muulutsi, ndipo iyi ndi yokoma, n'chifukwa chake ili yovuta kuikana. Munthu akatchuka ndi mafunso olasa, andale amamuitana kuti abwere adzawayankhulire. Taonani a Gospel Kazako. Adayambira ku MBC, adachokako n'kukhazikitsa Zodiak Broadcasting Station mu 2005, ndipo wayilesiyo idakula chifukwa inkayankhula Chichewa cha anthu wamba ndi kutumiza atolankhani m'maboma. Pa chisankho cha 2009 anthu ambiri ankatsatira zotsatira pa Zodiak. Mu 2020 a Kazako adasankhidwa kukhala nduna yofalitsa nkhani m'boma la Lazarus Chakwera, ndipo mu January 2023 dzina lawo silidapezekenso pa mndandanda wa nduna. Unduna udatha pasanakwane zaka zitatu, koma wayilesi imene adaimanga ndi manja awo idakalipo. A Brian Banda nawo adatchuka ndi Straight Talk pa Capital, kenako Times Exclusive pa Times, ndipo mu 2020 adakhala mneneri wa mtsogoleri wa dziko. Chaka chotsatira adachoka ku nyumba ya boma, ndipo pambuyo pake adabwereranso pamaso pa kamera kukafunsa mafunso. Sindikuweruza akuluakuluwa. Kutumikira boma si tchimo. Ndikungofuna muone kuti mpando wa ndale ndi wa kanthawi, ndipo amene ali ndi pobwerera ndi amene adasiya luso lenileni ndi dzina labwino kumbuyo. Dziwaninso kuti mukabwerera, omvera ena adzakukayikirani, ndipo funso lililonse limene mudzafunse adzaliyeza kuti aone ngati mukubwezera kapena mukuteteza abwana akale. Kukayikiridwa kumeneko mudzakulandire modzichepetsa, chifukwa kumatha ndi ntchito, osati ndi mkangano.

Musaganize kuti ku mawayilesi omwe si aboma ndiye kuli mtendere. Pa tsiku la chisankho mu May 2009 apolisi adatseka Joy Radio. Pa zionetsero za 20 July 2011 MACRA idaletsa mawayilesi kuulutsa zimene zinkachitika m'misewu pa nthawi imene zinkachitika. Mu 2022 MACRA idalanda ziphaso za nyumba zingapo zoulutsira mawu, kuphatikizapo Rainbow Television, chifukwa cha ngongole za ziphaso. Nyumba ikatsekedwa, mwini wake amathamangira kukhoti ndi maloya, koma muulutsi amabwerera kunyumba kukauza mwini nyumba ya lendi kuti adikire.

Apa ndiye tafika pa ndalama, ndipo ndiyankhula mosabisa. Kutchuka ndi malipiro siziyenda limodzi. Wayilesi imadya ndalama za otsatsa malonda, ndipo m'dziko lathu otsatsa akuluakulu ndi ochepa: makampani a mafoni, mabanki, mabungwe ndi boma. Ndalama ya kwacha ikagwa, monga idagwera mu May 2022 ndi mu November 2023, kampani imayamba kudula bajeti yotsatsira malonda, ndipo pulogalamu yopanda wothandiza imafa ngakhale ikondedwe chotani. Achinyamata ambiri amayamba ngati ongodzipereka, miyezi n'kumapita akulandira ya thiransipoti yokha, akuuzidwa kuti dzina likumveka ndiye malipiro ake. Kuphunzira ntchito kwa kanthawi n'kwabwino. Koma nthawiyo ikhale ndi malire, ndipo mufunse kalata ya ntchito yolembedwa, yonena malipiro, tchuthi ndi penshoni. Musachite manyazi kufunsa. Amene amachita manyazi ali ndi zaka 25 amadzalira ali ndi zaka 55.

Umphawi wa munthu wotchuka ndi woopsa, chifukwa anthu amayembekezera kuti avale bwino, ayende pa galimoto, apereke chambiri pamaliro. Ndiye amayamba ngongole za katapila kuti afanane ndi dzina lake. Kenako pamabwera chipondamthengo: ka envelopu kochokera kwa phungu amene akubwera ku pulogalamu mawa, kapena kwa woyimba amene akufuna kuti nyimbo yake izimveka kawirikawiri. Koyamba mumati ndi ya mafuta chabe. Koma munthu amene wakupatsani envelopu simungamufunsenso funso limene amayi a ku Ntchisi akufuna kuti afunsidwe, lokhudza mlatho umene ndalama zake zidatuluka koma mlatho osaoneka. Omvera si ana. Amamva pamene funso lapindidwa, ndipo akakutayani sabwera kudzakuuzani, amangopotoza wayilesi. Khalani ndi moyo wolingana ndi malipiro anu, kwerani minibasi mopanda manyazi, ndipo ngati mukufuna ndalama yapadera, ipezeni poyera: kuyendetsa miyambo, kujambula mawu a malonda bwana akudziwa, kulima, kuweta nkhuku. Dimba silidzakufunsani kuti muli chipani chiti.

Za mowa ndingonena mwachidule, poti mukuzidziwa. Munthu wotchuka sagula mowa, amagulidwira, ndipo pulogalamu ya m'mamawa siyembekeza matsire. Taika m'manda anyamata a mawu okoma amene anali adakali ndi zaka zambiri zoti agwire ntchito.

Inu ana anga aakazi, mvetserani apa. Pa ntchito iyi pali amuna ena a maudindo amene amaona ngati mpata wowerenga nkhani za madzulo kapena woonekera pa kanema ndi katundu woti agulitse ndi thupi lanu. Si mphekesera. Mu 2021 bungwe la Malawi Human Rights Commission lidatulutsa lipoti pa madandaulo a amayi amene adagwirapo ntchito ku MBC okhudza nkhanza za mtundu umenewu, ndipo amayiwo adalimba mtima kuyankhula patapita zaka akuvutika chamumtima. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa khalidwe limeneli pantchito. Zikakuchitikirani musadziimbe mlandu. Sungani mauthenga a pafoni, lembani tsiku ndi malo, uzani mayi wamkulu amene mumamukhulupirira, ndipo kadandauleni. Inunso ana anga aamuna, mukaona mnzanu akuchitidwa zotere n'kukhala chete kuti musataye pulogalamu yanu, mwagwirizana naye wochimwayo.

Ndakamba zogwetsa zambiri. Ndikambeko chimene chimadzutsa munthu akagwa, chomwe ndi luso. Mawu okoma ndi mphatso, koma mphatso yokha siifika patali. Muulutsi weniweni amafika msanga, amawerenga nkhani yonse asanalowe m'situdiyo, amafunsa katchulidwe ka dzina la mfumu ya ku Karonga kapena la mudzi wa ku Mulanje m'malo mongoganizira. Palibe chimene chimapweteka banja ngati kumva dzina la malemu awo litapotozedwa pa uthenga wa maliro. Pocheza ndi mlendo, amamvetsera yankho m'malo mothamangira funso lotsatira limene adalemba dzulo, chifukwa nkhani yeniyeni kawirikawiri imabisala m'mawu amene mlendo wawatchula mongodutsa. Ndipo amakumbukira kuti pulogalamu ndi ya omvera. Ndimamva chisoni ndikamva mnyamata akuyankhula mphindi zisanu, kudzitchula dzina kanayi, mlendo atangokhala.

Samalani Chichewa chanu. Ambiri mwa inu mumaganiza m'Chingerezi n'kumasanduliza mawu amodziamodzi, ndipo zotuluka zake agogo anu kumudzi sangazimve. Bajeti ya dziko, chigamulo cha khoti, malangizo a zaumoyo, zonsezi zimafika kwa anthu kudzera pakamwa panu, ndipo mukazipotoza anthu amapanga zosankha zolakwika. Pitani kumudzi mukamve momwe akuluakulu amakambira mlandu pabwalo. Ngati mumadziwa Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chisena kapena Chitonga, musachitaye pofuna kuoneka a m'tauni. Mawayilesi a m'madera achuluka, ndipo munthu wa zilankhulo ziwiri kapena zitatu sasowa pogwira. Phunziraninso ntchito za kuseri: kulemba nkhani, kudula ndi kulumikiza mawu pa kompyuta, kukonza pulogalamu. Wayilesi ya kanema imakonda nkhope zatsopano, ndipo imafulumira kutopa ndi munthu, makamaka mayi, tsitsi likayamba kuyera. Zimenezi si chilungamo, ndipo muzidzazitsutsa mukadzakhala pa maudindo. Koma amene amadziwa kukonza pulogalamu amakhalabe wofunika ngakhale atachoka pamaso pa kamera.

Inu muli ndi mwayi umene ife tinalibe. Lero munthu atachotsedwa ntchito angathe kutsegula tsamba pa Facebook kapena pa YouTube n'kupitiriza kucheza ndi anthu ake, ndipo abale athu a ku Johannesburg ndi ku Britain amatsatira zakumudzi kudzera momwemo. Gwiritsani ntchito mwayiwo. Koma kumeneko kulibe mkonzi woti akugwireni dzanja musanalakwitse, ndipo chimene chimabweretsa anthu msanga ndi mkangano, manyazi a munthu ndi mphekesera. Mudzayesedwa kuti muulutse nkhani ya banja la wina musanaitsimikize chifukwa mnzanu akupita nayo patsogolo. Malamulo okhudza kuipitsa mbiri ya munthu amagwira ntchito pa intaneti monga pa wayilesi, ndipo kumeneko mlandu udzakhala wanu nokha, popanda kampani yokulipirirani loya.

Tsiku lochotsedwa likadzafika, pakuti ambiri limawafikira kamodzi kapena kawiri, musadzathamangire pa Facebook kukatukwana bwana usiku womwewo. Dziko lathu ndi laling'ono, ndipo eni mawayilesi amadziwana onse. Ngati mwachotsedwa mopanda chilungamo, njira ilipo: ofesi ya zantchito ya m'boma lanu, khoti la Industrial Relations Court, ndi bungwe la MISA Malawi ngati nkhaniyo ikukhudza ufulu wa atolankhani. Tengani makalata anu onse. Tsanzikanani bwino ndi oyendetsa makina, alonda ndi okonza tiyi, amene mudayenera kuwalemekeza kuyambira tsiku loyamba, chifukwa kawirikawiri ndi iwo amene amadzakutsinani khutu kuti kwakuti akufuna munthu. Miyezi yoyamba idzakhala yowawa. Foni imene inkalira tsiku lonse idzakhala chete, ndipo pamsika anthu adzakufunsani kuti bwanji simukumveka masiku ano. Ayankheni zoona, kuti ntchito idatha ndipo mukufuna ina. Musadzitsekere m'nyumba. Pitani ku wayilesi ya m'dera kapena ya mpingo mukathandize ana kuwerenga nkhani, ngakhale malipiro akhale ochepa, kuti lilime lisaume ndiponso kuti anthu adziwe kuti mudakalipo. Ndipo mukadzamva kuti mnzanu wa pantchito ndiye wachotsedwa, ngakhale amene munkalimbirana naye pulogalamu, muimbireni foni sabata yomweyo, mukamuone kunyumba, ndipo mukamva za mpata kwina mutchuleni dzina.